Mwana wa mphaka akamakana chakudya chofewa: mmene mungamuzolowezere osamugoneka ndi njala

Mwana wa mphaka amene wakula akukukuta timibulu touma nthawi zambiri sazindikira n'komwe kuti zofewa zimene mwamuikira m'mbalezo ndi chakudya. Amabwera, n'kununkhiza, mwina n'kupalasa pansi m'mbali mwa mbaleyo ngati akukwirira zonyansa, kenako n'kuchokapo uku akulira njala. Apa anthu amagawika pawiri. Ena amagonja tsiku lomwelo n'kudzazanso mbale ya zouma. Ena amaumitsa mtima, amati njala ikamupweteka adya yekha. Oyambawo angotaya chitini chimodzi, koma achiwiriwa atha kutaya mphaka. Thupi la kamwana kotere lilibe nkhokwe yokwanira ya shuga ndi mafuta, ndipo shuga akatsika m'magazi kamalefuka msanga. Choncho pa zonse zili m'munsimu, lamulo lalikulu ndi lakuti tsiku lililonse mphakayo adye mokwanira, ngakhale zikhale zouma zomwe anazolowerazo. Zofewa zilowe pang'onopang'ono, ndipo khomo lake ndi mphuno.

Chifukwa chachikulu chovutikira zonsezi ndi madzi. Chakudya chofewa, cham'chitini kapena cham'timapaketi, chimakhala ndi madzi pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti, pamene chouma chili ndi 10 peresenti kapena kucheperapo. Makolo a amphaka oweta anali amphaka akutchire a m'madera ouma, amene ankapeza madzi ambiri m'nyama zimene agwira, ndipo mpaka lero mphaka samva ludzu msanga. Wodya zouma zokhazokha amamwa ndithu, koma mukaphatikiza madzi onse olowa m'thupi, kawirikawiri amachepa poyerekeza ndi wodya zofewa, motero mkodzo wake umakhala wochepa ndi wokhuthala. Chifukwa china chimaoneka mtsogolo. Mphaka akadzakalamba n'kudwala impso, chikhodzodzo kapena mano, dokotala adzanena kuti azidya zofewa, mwinanso mankhwala azibisidwa momwemo. Amene sanalaweko zofewa ali mwana amavuta koopsa pa nthawi imeneyo.

Yambani mwaona ngati sakudwala

Pa mbale, wosankha zakudya ndi wodwala amaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kwake kumaoneka akachokapo. Wosankha amakana zofewa koma zouma amazidya ndi mtima wonse, amathamangitsa chingwe, amalemera sabata ndi sabata. Wodwala amakana zonse, kapena amalawa pang'ono n'kukabisala.

Onani mphuno poyamba. Mphaka ali ndi timalo tomvera kukoma tosakwana 500 pa lilime, pamene munthu ali nato masauzande ambiri, ndipo zotsekemera sazimva n'komwe. Chimene chimamuuza kuti ichi n'chodyedwa ndi fungo. Mukudziwa mmene chakudya chimazizirira m'kamwa mukakhala ndi chimfine. Kwa mphaka n'koposa apo, chifukwa mphuno ikatseka amasiyiratu kudya. Ngati akuyetsemula, akutuluka mamina kapena manthongo, pukutani mphuno ndi thonje lonyowetsa m'madzi ofunda asanadye, ndipo pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Kenako tukulani mlomo muone nkhama ndi lilime. Tizilombo tina toyambitsa chimfine cha amphaka, monga calicivirus, timabweretsa zilonda pa lilime. Pakati pa miyezi 3 ndi 6 mano aubwana amakhala akuguluka, nkhama zimafiira, ndipo mutha kupeza kadzino pansi. Nthawi imeneyi ikhoza kukuthandizani, popeza ena amayamba okha kufuna zofewa timibulu tikamawapweteka.

Nseru ili ndi zizindikiro zake: kunyambita milomo pafupipafupi, kumeza malovu, kukha dovu, kufika pa mbale mwachidwi kenako n'kutembenuza mutu. Njoka za m'mimba, zimene ana a mphaka ambiri amakhala nazo, zimatupitsa mimba ndi kunyankhalalitsa ubweya. Katemera nayenso atha kuchepetsa chilakolako cha chakudya kwa tsiku limodzi. Pa masiku otere musayambitse chakudya chatsopano. Mphaka akadya chinthu ali ndi nseru, amaganiza kuti chinthucho ndiye chamudwalitsa, ndipo atha kudana nacho kwa nthawi yaitali.

Chimodzimodzinso amene wangofika kumene pakhomo. Sabata yoyamba mupatseni zomwe ankadya kumene wachokera. Mphaka wamantha amakana chilichonse chachilendo.

Msinkhu wake

Wosakwana masabata 4 chake ndi mkaka basi, wa mayi ake kapena waufa wopangidwira ana a mphaka. Kuyambira masabata 4 mpaka 8 ndi nthawi yoleka kuyamwa, ndipo ino ndi nthawi yosavuta kuposa ina iliyonse. Sakanizani gawo limodzi la chakudya chofewa chogayidwa bwino ndi magawo awiri a mkaka wa ana a mphaka wosungunula kale, chikhale phala lamadzimadzi, muike pa sosala. Adzapondamo, adzadzipaka thupi lonse, kenako podzinyambita adzazindikira kuti n'chokoma. Mupukuteni aume bwino akamaliza, chifukwa kamwana konyowa kamazizidwa msanga. Chepetsani mkaka masiku atatu kapena anayi alionse mpaka phala lilimbe. Zotsatirazi ndi za amene wapitirira masabata 8 ndipo wakhazikika kale pa zouma.

Sikelo ndi muyeso

Musanasinthe kalikonse, pezani sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Ikani mbale yakuya pa sikelo, ibwezeni pa ziro, muikemo mphaka, mulembe. Chitani izi nthawi yofanana tsiku lililonse, asanadye. Mwana wa mphaka wathanzi amawonjezera magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku, kapena kuti pafupifupi magalamu 100 pa sabata, m'miyezi yake yoyambirira. Maso amanama, makamaka pa mphaka waubweya wambiri. Akakhala masiku awiri kapena atatu osawonjezera, kapena akatsika, ndiye kuti mwathamanga posintha chakudya. Bwererani pamene ankadya bwino.

Pali masamu amodzi amene ambiri amaphonya. Galamu imodzi ya chouma cha ana a mphaka imapereka mphamvu pafupifupi ma kcal 4 (kcal ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya), pamene galamu ya chofewa imapereka pafupifupi 1 kapena kucheperapo, poti chambiri ndi madzi. Ndiye mukachotsa magalamu 10 a zouma, muyenera kubwezerapo magalamu 40 mpaka 50 a zofewa. Kusinthanitsa supuni ndi supuni n'kumumana chakudya mosadziwa. Wa miyezi iwiri kapena itatu amafuna ma kcal pafupifupi 200 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo muyesowu umatsika akamakula. Wolemera kilogalamu imodzi ndiye kuti amafuna magalamu 50 a zouma, kapena timapaketi ta magalamu 85 tiwiri ndi theka mpaka titatu. Werengani zolembedwa pa paketi yanu, chifukwa zakudya zimasiyana mphamvu.

Pamene mukuwerenga pa paketipo, onaninso mawu awiri. Pakhale polembedwa kuti ndi cha ana a mphaka kapena cha misinkhu yonse, ndiponso pakhale mawu akuti "complete", kusonyeza kuti muli zonse zofunika m'thupi. Zolembedwa kuti "complementary" ndi zongowonjezera. Zimaoneka bwino, nyama kapena nsomba yooneka ndi maso mu msuzi woyera, ndipo amphaka amazikonda, koma zilibe calcium (wolimbitsa mafupa), taurine (woteteza mtima ndi maso) ndi mavitamini okwanira kukulitsa mwana. Zingathandize kumunyengerera, osati kumulera.

Chotsani mbale yokhalitsa

Mphaka amene zouma zili m'mbale usana ndi usiku samva njala yeniyeni, amangotola timibulu tiwiri titatu akamadutsa. Wotere alibe chifukwa choyesera chachilendo. Choyamba n'kumuika pa nthawi, mukugwiritsabe zouma zomwezo. Yezani chakudya cha tsiku lonse m'mawa, muchigawe kanayi ngati sanakwane miyezi 4, katatu mpaka miyezi 6. Ikani mbale kwa mphindi 20 mpaka 30, kenako ichotseni. Chakudya chomaliza chikhale pamene inu mukukagona, ndipo choyamba mukangodzuka, kuti usiku usapitirire maola 8 kwa wamng'ono. Masiku atatu kapena anayi akwana kuti azolowere. Mudzaona akukudikirani pa malo odyera nthawi isanakwane. Kanjala kameneka, ka maola ochepa, ndi kamene tikufuna. Njala ya tsiku lonse ayi.

Chakudya chisanafike, seweretsani kwa mphindi 5 mpaka 10 ndi kanthenga kapena kansalu komanga ku chingwe, mumulole achigwire pomaliza. Mwachibadwa mphaka amasaka kaye kenako n'kudya, ndipo ambiri amafika pa mbale ali ndi mtima wodya akachoka pa masewero otere.

Za mbale sizifuna mawu ambiri. Ikhale yosazama, ngati sosala, yagalasi, yadothi lowotcha kapena yachitsulo chosachita dzimbiri. Pulasitiki imakandika ndipo m'mikandomo mumatsalira fungo la zakale. Tsukuluzani sopo atheretu, makamaka wonunkhira mandimu, fungo limene amphaka amadana nalo. Ikani mbaleyo kutali ndi bokosi la mchenga lodzithandiziramo, kutali ndi galu, ana osewera ndi makina aphokoso, ndiponso motalikirako ndi khoma kuti azidya akuona chipinda chonse.

Kufunditsa

Ichi chokha chimathetsa nkhani kwa amphaka ambiri. Nyama imene mphaka wangogwira kumene imakhala yofunda, pafupifupi madigiri 38, ndipo chakudya chikafunda mafuta ake amatulutsa fungo. Chochokera m'firiji chimakhala pa madigiri 4 kapena 5, cholimba, chopanda fungo. Ikani muyeso wa nthawi imodzi m'kapu, muimike kapuyo m'mbale ya madzi otentha kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Kapena thirani supuni imodzi kapena ziwiri zazing'ono za madzi otentha m'chakudyamo n'kutakasa. Ngati mukugwiritsa microwave, masekondi 5 mpaka 8 akwana, osaikamo chitini kapena paketi yonyezimira, ndipo takasani bwino chifukwa imatenthetsa malo ena kwambiri ena n'kukhala ozizira. Yesani pa khungu la mkati mwa mkono wanu: chimveke chofunda pang'ono chabe. Mphaka akapsa lilime kamodzi, adzaopa mbaleyo masiku ambiri.

Kafewedwe kake

Anthu ambiri mphaka akakana amathamangira kusintha nkhuku kupita ku nsomba, nsomba kupita ku ng'ombe, pamene vuto lili pa mmene chakudyacho chikumvekera m'kamwa. Nsagwada za mphaka zimayenda chokwera ndi chotsika basi, sizipera cham'mbali. Amatola, kudula ndi mano a m'mbali, n'kumeza. Amene anazolowera timibulu amadziwa kutola kanthu kolimba kamodzikamodzi. Mukamupatsa chogayidwa chosalala, chimene pa chitini amalemba pâté, chimamata pa mbale, iye n'kumachikankha ndi lilime mpaka chifike m'mphepete, kenako n'kutopa nacho.

Zofewa zilipo za mitundu ingapo: chogayidwa cholimbirako, chogayidwa chopepuka kwambiri chimene amati mousse, tizidutswa mu msuzi, tizidutswa mu jelly, ndi nyama yonyenyanyenya. Gulani pang'onopang'ono, kamodzi ka mtundu uliwonse, osati katoni yonse. Kuti mudziwe chimene akukana, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Ngati zouma zake ndi za nkhuku, yambani ndi zofewa za nkhuku, makamaka za kampani yomweyo, popeza fungo limakhala loyandikana, ndipo muzingosintha kafewedwe. Mtundu uliwonse muupatse masiku atatu musanaugamule. Kukana kwa tsiku loyamba sikutanthauza kanthu.

Kaikidwe pa mbale nakonso kali ndi ntchito. Chogayidwa musachipake chafulati. Chiunjikeni kamulu pakati, kapena chiduleni timabokosi tofanana kukula ndi timibulu take, kuti athe kutola ndi mano. Kwa wokonda kunyambita, chitani zosiyana: thirani madzi ofunda mpaka chikhale chamadzimadzi. Tizidutswa tikakula, tiphwanyeni ndi foloko.

Kalowetsedwe

Masiku awiri kapena atatu oyamba musayembekezere kuti adya. Ikani theka la supuni yaing'ono ya chofewa chofunditsa pa sosala yakeyake, pambali pa mbale ya zouma. Cholinga n'chakuti fungolo lizimufika pamene akudya zomwe amakonda. Akanunkhiza n'kusiya, palibe vuto. Tayani, mawa muikenso. Musamuimirire pamutu, musamunyamule n'kumubwezera pa mbale. Ikani n'kuchokapo.

Kenako sinjani timibulu 5 kapena 6 tikhale ufa, muwaze pamwamba pa chofewacho mpaka chibisike. Opanga zouma amapaka kunja kwa timibulu mafuta ndi zokometsera zochokera ku nyama, ndipo n'zimene mphaka amazikondera chonchi. Ufawo umanyamula fungo lomwelo. Ponyambita ufa, lilime lidzafika pa chofewa. Mutha kuzikanso timibulu tathunthu tingapo pamwamba, theka lili kunja, kuti pozula atengeko pang'ono. Panthawi imeneyi yambani kupereka chofewacho choyamba, pa chakudya cham'mawa pamene njala ili yambiri, mudikire mphindi 15, kenako mupereke zouma.

Apa pali msampha. Mphaka ndi wochenjera, ndipo akaona kuti akangolira pa mbale ya zofewa zouma zimatulukira, adzaphunzira kudikira. Choncho akakana, chotsani mbaleyo mwakachetechete, pitirizani ntchito zanu, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 muike zouma pa nthawi imene sakulira. Wadyabe mokwanira, koma sanaone kuti kulira ndiko kwabweretsa chakudya.

Alipo ena amene ngakhale ufa suwagwira. Kwa amenewa yambirani mbali inayo: nyowetsani zouma zomwezo. Supuni imodzi yaing'ono ya madzi ofunda pa chakudya cha nthawi imodzi, mupereke pomwepo timibulu tisanafewe. Pakatha masiku awiri onjezerani madzi ndipo mudikire mphindi 5, kenako 10, mpaka azolowere kudya timibulu tofewa. Akafika apo, sakanizanimo kachofewa kochepa kwambiri, kongokwana kunsonga kwa supuni. Samalani: zouma zikanyowa zimawonongeka msanga, ndiye zotsala muzitaye ola lisanathe.

Akayamba kudya yekha supuni yathunthu, onjezerani mwa magawo. Gawo limodzi mwa anayi la chakudya cha tsiku likhale chofewa kwa masiku awiri kapena atatu, kenako theka, kenako magawo atatu, mukukumbukira masamu aja a magalamu 10 ndi 40. Wosavuta amamaliza m'masiku 7 mpaka 10. Wamakani atha kutenga mwezi kapena kupitirira, ndipo kuthamanga si kufika. Akakana pa gawo lina, bwererani pa gawo la dzulo, mukhalepo masiku ena awiri.

Chala chimathandizanso. Tengani pang'ono kunsonga kwa chala choyera mumulozetse. Ambiri amanyambita pa chala cha munthu amene amamukhulupirira zimene akana pa mbale. Tsitsani chalacho pang'onopang'ono mpaka chifike pa sosala. Mukhozanso kupaka kadontho pa mlomo wapamwamba kapena pa phazi lakutsogolo, iye podziyeretsa n'kulawa. Kadontho kamodzi, kamodzi pa tsiku, osati pa mabowo a mphuno. Kumukanikiza nkhope m'mbale, kapena kumutsegula kukamwa n'kumuthira ndi sirinji, musayerekeze pokhapokha dokotala atakuonetsani kachitidwe kake pa mphaka wodwala. Chakudya chikalowera ku mapapo chimayambitsa chibayo, ndipo ngakhale chisalowere, mwamuphunzitsa kuti fungo limeneli limabwera ndi nkhondo. Ngati pakhomo pali mphaka wina wathanzi, wolandira katemera, amene amadya zofewa, adyere pamene mwanayo akuona, aliyense mbale yake. Ana a mphaka amatengera zimene akuona akuluakulu akudya.

Zonyengerera ndi zoletsedwa

Madzi amene mwaphikira nyama ya nkhuku yokhayokha, opanda mchere kapena chokometsera chilichonse, ndi abwino: supuni imodzi kapena ziwiri zazing'ono, ofunda. Kanyama ka nkhuku yophikayo konyenya bwino, kopanda fupa, kangawazidwe pamwamba. Madzi a m'chitini cha tuna yoikidwa m'madzi opanda mchere amakoka kwambiri, koma agwiritseni mochepa ndi mwa masiku ochepa, chifukwa mphaka akakomedwa ndi tuna amayamba kukana zina zonse, ndiye mwangosintha vuto. Timachubu ta zonyambita ta amphaka timagwiranso ntchito yomweyo. Zonsezi pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku, ndipo akangoyamba kudya muzichepetse mpaka zithe.

Anyezi ndi adyo, kaya zaziwisi, zophika kapena zaufa, zimawononga maselo ofiira a magazi a mphaka. N'chifukwa chake msuzi wa ndiwo za anthu, timakyubu tokometsera ndi zakudya zina za makanda a anthu siziyenera kufika pa mbale yake. Mkaka wa ng'ombe umatsekula m'mimba amphaka ambiri akaleka kuyamwa, popeza matupi awo amachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka. Nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1, ndipo kusowa kwake kumagwira ubongo. Chakudya cha agalu chilibe taurine wokwanira mphaka, ndipo popanda taurine mtima ndi maso zimawonongeka. Chiwindi chochuluka chimadzaza vitamini A mopitirira muyeso. Nyama yokhayokha, ngakhale yabwino chotani, ilibe calcium wokwanira, ndipo mwana wokulira pa iyo amakhala ndi mafupa osalimba, othyoka msanga.

Zimene zimasokonekera

Akunyambita msuzi wokha n'kusiya tizidutswa. Izi n'zofala kwambiri, ndipo n'zonyenga, chifukwa mbale imaoneka yogwiridwa pamene mphamvu zambiri zatsala m'tizidutswamo. Phwanyani zonse pamodzi ndi foloko kuti msuzi usapatuke, kapena pitani ku chogayidwa chosungunula ndi madzi.

Anadya dzulo, lero wakana chitini chomwecho. Kawirikawiri ndi firiji: chazizira, pamwamba pauma, kapena chatenga fungo la zinthu zina. Chotsani kapamwambako, funditsani, thirani timadzi. Musatsegule chitini china msangamsanga. Mwini amene amatsegula zitini zitatu pa chakudya chimodzi akuphunzitsa mphaka wake kuti kukana kumabweretsa zabwino zoposa.

Chimbudzi chafewa. Kufewa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitika matumbo akamazolowera. Bwererani gawo limodzi m'mbuyo. Kutsekula kwamadzi, kwamagazi, kapena kophatikizana ndi kusanza ndi kufooka ndi nkhani ya dokotala tsiku lomwelo, chifukwa kamwana kamatha madzi m'thupi mofulumira, ndipo matenda oopsa monga panleukopenia amayamba chonchi. Akabweza chakudya chosagayika atangomaliza kudya koma ali wosangalala, nthawi zambiri wadya mothamanga; gawani muyesowo pawiri, apa ndiye mupake chafulati pa mbale yotakata kuti achedwe.

Wasiya kumwa madzi ngati kale. Izi n'zoyembekezeka, madzi akuwapeza m'chakudya. Mbale ya madzi oyera ikhalepobe nthawi zonse, motalikirako ndi ya chakudya. Mudzaonanso kuti akukodza kwambiri, mchenga ukunyowa msanga. Kupalasa pansi pambali pa mbale nakonso sikuti nthawi zonse ndi kunyansidwa. Ena amatero akakhuta, ngati akubisa zotsala.

Kasungidwe

Chofewa chikakhala pa mbale chimauma, chimasasa ndipo chimaitana ntchentche ndi nyerere. Kukatentha chichotseni pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi, kukazizira chisapitirire maola awiri. Chotsala m'chitini chisamutsireni m'kabotolo kapena kakontena kotseka bwino, chilowe m'firiji, ndipo chithe m'masiku awiri, akachuluka atatu. Poti masiku oyamba mukugwiritsa theka la supuni basi, zambiri zingatayike. Ikani m'thireyi youmitsira madzi oundana, muumitse mufiriza, muzisungunula kamodzikamodzi. Dziwani kuti kuumitsa kumasintha kafewedwe pang'ono, ndipo osankha kwambiri amazindikira. Ngati mulibe firiji, gulani timapaketi tating'ono kwambiri ndipo zofewa zikhale za chakudya chimodzi pa tsiku, zotsala zipite kwa mphaka wina kapena zitayidwe. Chitini chotupa, chodontha kapena chadzimbiri musachitsegulire mphaka. Mbale itsukidwe akangomaliza kudya, nthawi iliyonse.

Nthawi yosiya zonse n'kupita kwa dokotala

Wosakwana masabata 8 akadumpha chakudya kawiri motsatizana, musadikire. Wokulirapo akakhala maola 12 osalawa kalikonse, zouma ndi zofewa zomwe, imbirani dokotala wa ziweto, ndipo maola 24 asakwane asanaonedwe. Nkhama zotuwa kapena zomata mukazikhudza, kugona kosadzuka, kupuma movutikira ndi kutsika sikelo masiku otsatizana ndi zizindikiro zosafuna kuyesa njira ina yakunyumba. Akamadzandira, kunjenjemera kapena kuzizira thupi, shuga atha kukhala atatsika: pakani kadontho ka uchi kapena madzi a shuga pa nkhama, mumufunditse ndi kansalu, munyamuke. Mwana wa mphaka wozizira thupi musamudyetse mpaka atafunda, chifukwa matumbo ake sagaya ali wozizira.

Akazolowera

Akayamba kudya mtundu umodzi bwinobwino, mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri akhazikike, kenako lowetsani wachiwiri, mwa magawo monga poyamba, ndipo pambuyo pake wachitatu wosiyana kafewedwe. Makampani amasintha kaphikidwe kapena kusiya kupanga mtundu wina, ndipo mphaka wodziwa chitini chimodzi chokha adzakuvutitsaninso tsiku limenelo. Zouma simuyenera kuzithetseratu. Ambiri amachita bwino pa zofewa kawiri kapena katatu pa tsiku ndi timibulu toyeza pang'ono, timene mungamuponyere pansi kamodzikamodzi kuti azithamangitsa, bola muchotsere mphamvu zake pa muyeso wa tsikulo. Akafulidwa kapena kutsekedwa kuti asabereke, thupi limafuna chakudya chocheperapo pamene chilakolako chimakwera, ndiye sikelo ipitirire kugwira ntchito, kamodzi pa sabata. Akakwanitsa miyezi 12, musamutsireni ku chakudya cha amphaka akuluakulu, gawo limodzi mwa anayi masiku awiri kapena atatu alionse, chofunditsa monga mwa nthawi zonse.